Kaputeni Thovu ndi Mandasi a Abiti Juma

Kaputeni Thovu ankanunkha. Ambiri amene anamuona ku Liwonde chaka chimenecho sadziwa zimenezi, chifukwa iwo ankamuonera patali ali pamwamba pa chilole, koma ine anandinyamula m'manja ndipo mphuno yanga inagunda pachifuwa pake penipeni. Linali fungo la thukuta la masiku ambiri lolowerera m'siponji, losakanikirana ndi la fodya, ngati matiresi a mwana wokodza pogona amene aiwala kuwayanika. Ameneyo ndiye anali katswiri wa ukhondo amene kampani ina ya sopo ya ku Blantyre inatitumizira kuti adzatiphunzitse kusamba.

Munali mu Okutobala, mwezi umene dzuwa la ku Liwonde limakuwotcha ngakhale uli pamthunzi. Phula la mumsewu linkafewa masana, njanji zinkanyezimira mpaka kuwawa m'maso, ndipo kamphepo kochokera ku Shire kankangobweretsa fungo la nsomba zouma ndi namasupuni wowola. Ine Patuma ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndili Sitandade 4. Tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa njanji, ine ndi amayi basi. Abambo anali ku Joni, kumene amuna ambiri a kwathu amapita, ndipo ankamveka mwa apo ndi apo. Chimene chinkatidyetsa ndi kundisunga pasukulu anali mandasi amene amayi ankagulitsa pa depoti ya maminibasi.

Pa depotipo panali azimayi ambiri ogulitsa mandasi, ufa wake womwewo, mafuta ake omwewo. Amayi anga, amene anthu ankawaitana kuti Abiti Juma, ankaposa anzawo pa chinthu chimodzi chokha, ukhondo. Ndowa yawo inali yoonekera mkati, yotsukidwa tsiku ndi tsiku mpaka kulira ukaikhula ndi chala. Pamwamba ankaphimba ndi nsalu yoyera yosita, ndipo mandasi ankatola ndi foloko yaitali, osati ndi dzanja. Aphunzitsi athu ankatuma ana kudutsa ogulitsa ena onse kuti akagule kwa iwo. Anamwino a kuchipatala, anthu onyansidwa ndi chilichonse, ankagula kwa iwo. Madalaivala ankauza apaulendo kuti mandasi a Abiti Juma ungadye utatsinzina. Amayi analibe munda ku Liwonde, analibe golosale, analibe mwamuna pakhomo. Chuma chawo chonse chinali mbiri imeneyi.

Mbiriyo ine ndinkailipira ndi khungu langa. M'mawa uliwonse akatha kuswali, pemphero lathu la Chisilamu, ndi kukazinga, ankandikokera kubafa lathu la udzu n'kundikhula ndi chinkhupule kuseri kwa makutu, m'khosi, m'khwapa, kenako zidendene pamwala mpaka kufiira. Ndinkalira, iwo osasiya. Ankati mwana wa munthu wogulitsa chakudya ndiye chikwangwani cha malonda a amake, anthu amayamba awerenga iyeyo asanatsegule ndowa. Ine ndinkaona kuti ndi nkhanza chabe, ndipo ndinkasirira anzanga amene ankangopukuta kumaso n'kuthamangira kusukulu.

Chilole chija chinafika Lolemba lina, chopakidwa penti wobiriwira ndi wachikasu, jenereta ikulira, zimkuzamawu zikugwedeza malata a m'magolosale. Chinaima pabwalo la pafupi ndi msika. Panatuluka atsikana ovina, panatuluka bambo wina wa mawu okhuthala atagwira maiki, ndipo fumbi litakwera bwino panatuluka mwini wake. Mundilole ndimufotokoze monga ndimamuonera lero. Anavala chovala chobiriwira chothina kuchokera m'khosi mpaka m'mapazi, chonga sokosi yaikulu. Pachifuwa ndi m'mikono anamusokerera siponji kuti azioneka wa minofu, koma siponji ya kumanzere inali itatsetserekera kuchigongono, ndiye ankaoneka ngati watupa. Kabudula wamkati wachikasu anamuvala pamwamba, poyera, pamaso pa apongozi a anthu. Kumsana kunkalendewera chinsalu chonga katani, kumapazi kunali majombo a mvula opaka penti, kumaso chigoba chobisa maso ndi mphuno. Munthu wamkulu ndithu, wometa ndevu, ankadumphadumpha padzuwa limenelo n'kumaponya zibakera m'mwamba kuti akupha majeremusi.

Akuluakulu ena anagwira pakamwa. Ashehe ena amene ankadutsa anangopukusa mutu n'kutembenuza njinga. Koma atsikana aja atayamba kuponya tizidutswa ta sopo waulere, ogwira pakamwa omwe aja anali oyamba kugwetsana m'fumbi. Za ana ife ndiye musanene, mitu inazungulira. Bambo wa maiki ankafuula kuti, "Ndani amachotsa litsiro?" ndipo ife tinkayankha mpaka kukhosi kuwawa, "Kaputeni Thovu!" Sabata yonseyo tinamanga zitenje za amayi athu m'khosi n'kumadumpha pachulu cha kuseri kwa sukulu. Ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthuyo amauluka, kungoti tsiku limenelo anatopa.

Asanachoke, bambo wa maiki analengeza kuti kampani ikukonza kabuku ka nkhani ya Kaputeni. Kadzakhala ka zithunzi zenizeni zojambula ndi kamera, anthu ake akulankhula m'timabaluni totuluka pakamwa, ndipo kadzagawidwa ulere m'masukulu ndi m'magolosale a ku Machinga ndi ku Balaka konse. Pachikuto padzakhala Kaputeni ndi mwana mmodzi wa konkuno. M'mawa mwake kusukulu kunabwera mayi wina wa kukampaniko, wa magalasi akuda ndi nsapato zosongoka zimene zinkatitimira mumchenga. Anatifoletsa padzuwa n'kumayenda pang'onopang'ono, akutiyang'ana miyendo ndi nkhope ngati wogula mbuzi pamsika wa Ntaja. Atafika pa ine anaima, n'kundikweza chibwano ndi chala. Ndinali wamng'ono thupi, wamaso aakulu, wa tizigongono tosongoka. Ine ndinayesa kuti andisankha chifukwa cha kukongola.

Madzulo mayiyo anafika pa depoti ndi pepala la Chingerezi lokhalokha. Amayi sankawerenga Chingerezi. Anapukuta manja, n'kufunsa mwaulemu, "Ndi chithunzi chokha, amayi? Palibenso china?" Iye anati chithunzi chokha, mwana wanu adzatchuka. Amayi analemba dzina lawo pansi pa pepalalo mosamala, chilembo chimodzichimodzi.

Muyenera kudziwa kuti kwathu chithunzi sichinali chamasewera. Kufikira nthawi imeneyo ine ndinali nditajambulidwa kamodzi kokha, chithunzi chotumiza kwa abambo ku Joni. Kujambulitsa kunali ngati kupita ku ukwati. Umasamba, umadzola, umavala zovala za pansi pa sutikesi, umaima njo manja m'mbali, osaseka, chifukwa ukukaonekera kwa anthu amene sudzawaona, ndipo iwo akaweruza nyumba yako yonse pa zimene aona. Ndiye amayi atamva kuti chithunzi ichi chidzaonedwa ndi maboma awiri athunthu, anatenga masiku atatu kundikonza. Anatulutsa diresi langa la pa Idi, lapinki, n'kumasula mpendero kuti lifike m'mawondo. Anabwereka nsapato zakuda kwa a neba n'kuzipukuta mpaka kuwala. Anandikhazika pakati pa miyendo yawo masana onse akundiluka tsitsi ndi ulusi, mizere yowongoka ngati ya m'kope. Loweruka m'mawa anandidzoza mafuta mpaka ndinkanyezimira, n'kundiperekeza kuchilole. Mayi wa magalasi anati makolo saloledwa kumalo ojambulira chifukwa amasokoneza ana, ndiye amayi anandikonza kolala komaliza n'kubwerera ku depoti.

Ananditengera kumunsi, kufupi ndi mtsinje, kumene kunali bwinja la nyumba yogumuka. Atanditsitsa m'galimoto, mayi uja anavula magalasi n'kundiyang'ana bwinobwino, kenako anausa moyo. "Ayi, ayi, ayi. Wamuveka chonchi ndani? Akuoneka ngati mwana wa kutauni. Sitikufuna zimenezi ife." Anatsegula sutikesi, ndipo m'menemo munali nsanza. Nsanza zochokera nazo ku Blantyre, zochapa, zopinda bwino, zong'ambidwa ndi sizasi. Zikuoneka kuti ankaopa kuti mwina ku Liwonde kuno sakapeza umphawi wokwanira, ndiye anabwera ndi wawo. Anandivula diresi ndi nsapato n'kundiveka chimalaya chachimuna chong'ambika paphewa. Anamasula tsitsi limene amayi analuka masana onse aja, analinyankhalitsa ndi chipeso n'kuwazamo phulusa. Munthu wina anatapa dothi la m'mbali mwa mtsinje m'beseni n'kulikanda ndi madzi a m'botolo ogula, chifukwa a mumtsinje ankawaopa. Matopewo anandipaka m'masaya, m'khosi, m'miyendo. Pomaliza mayiyo anatenga timadzi tina tonanda n'kundidontheza pansi pa mphuno kuti tizioneka ngati mamina.

Sindinalire. Ndinkangoyang'ana Kaputeni, amene anakhala pachipupa cha nyumba yogumukayo atavula chigoba, akusuta. Anali bambo wowonda wa tsitsi loyamba kuthothoka, m'khosi monse muli zidzolo za thukuta. Ataona kuti ndikumuyang'ana anati, "Usaope mwanawe, ndi ganyu chabe iyi." Kenako anavalanso chigoba, anakwera pamgolo umene anabwera nawo, ndipo anandinyamula. Wina anamanga ulusi kunsonga ya chinsalu chakumsana n'kumakoka ali chapatali kuti chizioneka ngati chikuuluka ndi mphepo, pomwe kunalibe ndi kamphepo komwe. Wojambula anagona chagada m'fumbi kuti mgolo usaoneke. Anandiuza kuti ndiyang'ane kumwamba momvetsa chisoni, ndipo ndinachita zimenezo kambirimbiri mpaka khosi linauma. Manja a Kaputeni ankanjenjemera ndi kulemera kwanga, ine kamwana kopepuka ngati nkhuku.

Atamaliza anandipukuta ndi nsalu yonyowa, anandibwezera diresi, anandipatsa banzi ndi botolo la chakumwa chozizira. Nditafika kunyumba amayi anaona tsitsi, n'kufunsa. Ndinanama kuti akutauni anati lomasula ndiye la makono. Anandigwira khutu, analipinda, n'kupeza dothi louma kuseri kwake. Ndinanamanso kuti ndinagwa. Ndinkadziwa kuti ndikanena zoona adzapita kukaletsa, ndipo wina adzakhala pachikuto m'malo mwanga.

Kabuku kanatuluka patapita masabata atatu, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri koma mvula isanagwe. Aphunzitsi anabwera ndi mtolo m'kalasi, ndipo fungo la pepala latsopano linadzaza chipinda. Chikuto chinali chonyezimira, choterera. Kaputeni anali m'mwamba ndithu, mgolo osaoneka, siponji ili m'malo mwake, kumbuyo kwake kuli mphezi zimene tsiku lija kunalibe. M'manja mwake munali kamwana konyansa, kamatope, katsitsi kotuwa, kamamina, koma nkhope yake yosasokonekera kwa aliyense wondidziwa. Pamwamba analemba ndi zilembo zofiira kuti Kaputeni Thovu apulumutsa mwana wauve wa ku Liwonde. Ndipo pakamwa panga panatuluka kabaluni koyera kokhala ndi mawu awiri amene sindinawanenepo: "Kwathu sitisamba!"

Ine ndinanyada. Ndikunena izi ndi manyazi, koma ndinanyada zedi. Ana a Sitandade 8 amene sankandidziwa n'komwe ankabwera kudzandiona pa nthawi yopuma. Ankandiitana kuti Kwathu Sitisamba, ine n'kumayankha ndikumwetulira, poganiza kuti kutchuka kumakhala choncho.

Amayi anakaona kabukuko pa depoti. Woitanira minibasi wina anakabweretsa akuseka, n'kukaika pamwamba pa nsalu yawo yoyera ija. Amene analipo amati anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anachotsa nsaluyo, anaipinda, n'kuyala ina. Madzulo sanandimenye. Anangondikhazika pampando n'kundifunsa zonse, ndipo ndinafotokoza za sutikesi, za beseni ndi za phulusa. Anandifunsa funso limodzi lokha lowonjezera, lakuti diresi lija analiika pati pamene ankandipaka matope. Nditati pansi, anatseka maso.

Zotsatira zake sizinachedwe. Aphunzitsi anasiya kutuma ana. Anamwino anayamba kudutsa akuyang'ana kumbali. Mayi wina wogulitsa pafupi nawo anatsamiritsa kabukuko pa beseni lake, chikuto chikuyang'ana kumsewu, ndipo sanafunikirenso kunena kanthu. Minibasi ikaima kuchokera ku Ntaja kapena ku Balaka, oitanira ankaloza amayi n'kumauza apaulendo kuti amake a mwana uja ndi awa, ndipo manja amene anali atatuluka kale pawindo ankabwerera mkati. Alendowo sindiwaimba mlandu kwambiri. Amene ndimawanyoza mpaka lero ndi anthu a kwathu komweko, amene ankaona amayi akusesa pabwalo m'mamawa uliwonse, amene ankamva kulira kwanga kubafa, amene anandiona ndikupita kukajambulitsa ndikunyezimira. Ankadziwa zoona zake. Koma chinthu chikasindikizidwa papepala loterera lochokera ku Blantyre, munthu wa kwathu amayamba kukayikira maso ake omwe. Ena sanakayikire n'komwe, anangokondwa kuti mayi wodzimva ukhondo uja naye chamupeza. Ndowa inayamba kubwerera kunyumba madzulo ili pafupifupi yodzaza, ndipo ine ndinkasangalala chifukwa tinkadya mandasi m'mawa, masana ndi madzulo.

Amayi anayesa kulimbana nazo. Anauza ana a m'dera lathu kuti aliyense wobweretsa chikuto chong'amba adzamupatsa mandasi, ndipo zikutozo ankaziponya pamoto pansi pa chiwaya. Zinkayaka ndi lawi lobiriwira ndi utsi wonunkha pulasitiki. Kwa masiku angapo ana anabwera nazo zambiri, ena kuchokera kutsidya kwa mlatho, koma kunali ngati kutunga Shire ndi chikho. Timabukuto tinali m'chikwama cha mwana aliyense kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Ntaja, ndipo golosale iliyonse inali ndi mulu wake pakauntala.

Kenako kunamveka kuti chilole chibweranso Loweruka. Apa amayi anaganiza njira ina. Ndinawamva akuuza a neba kuti adzanditenga ndili woyera, adzandiimika pamaso pa anthu onse, ndipo adzapempha eni akewo kuti anene pa maiki pomwepo kuti matope aja anali awo, nsanza zija zinali zawo. Ankakhulupirira kuti munthu ukamufikira mwaulemu ndi chilungamo m'manja, amachita manyazi. Ineyo anandigwira mapewa n'kundiuza, "Patuma, ukakwera pamenepo, akakufunsa ukanene zoona. Wamva?" Ndinavomera, mtima uli kale pa Kaputeni.

M'mawa wa Loweruka limenelo sanakazinge. Anatunga madzi maulendo atatu, anawafunditsa, n'kundisambitsa kusamba kumene sindinasambeponso. Anagwiritsa ntchito sopo wawo wa nthawi zonse, wa mtanda wodula ndi mpeni, chifukwa wa kampani ija anali atalumbira kuti sadzalowa pakhomo pawo. Anandiwenga zikhadabo, anandichotsa litsiro m'makutu ndi kansalu, anandikhula zidendene, anandilukanso tsitsi, anasita diresi lapinki kawiri. Tsiku limenelo sanandikalipire ngakhale kamodzi. Manja awo ankayenda pang'onopang'ono, ndipo atamaliza anabwerera m'mbuyo n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Iwonso anavala chitenje chatsopano ndi mpango woyera.

Pabwalo panali anthu ochuluka kuposa ulendo woyamba. Amayi anandigwira dzanja n'kudutsa pakati pa khamulo mpaka kuseri kwa chilole, kumene mayi wa magalasi anakhala pamthunzi akudzikupiza ndi kabuku komweko. Amayi anapinda mawondo pang'ono. "Pepani amayi, ine ndine make wa mwana uyu. Ndapota nanu, muwauze anthuwa kuti matope aja munamupaka ndinu. Ine ndimagulitsa chakudya, anthu asiya kundigula." Mayiyo sanamve n'komwe theka lachiwiri la mawuwo. Maso ake anali pa ine. "Ndi yemwe uja? Ee, koma ndiye zabwinotu izi!" Anadzuka msanga n'kukanong'oneza bambo wa maiki, ndipo bamboyo anagwedeza mutu akuseka. Posakhalitsa manja anandikweza pamwamba pa chilole. Amayi anazungulira n'kukaima kutsogolo kwenikweni, anakonza mpango wawo, akuyesa kuti pempho lawo lamveka.

Nyimbo inazimitsidwa. Bambo wa maiki anakweza kabuku m'mwamba n'kufunsa khamu ngati likumudziwa mwana wa pachikutoyo. Khamu linavomera ndi chiseko. Anawerenga mawu a m'kabaluni aja mokweza, kawiri, akutsanzira mawu a mwana. Kenako anandigwira dzanja n'kundizunguza ngati mkwatibwi. "Tsopano taonani lero! Masabata ochepa okha, abale anga! Taonani khungu, taonani tsitsi, taonani kuwala!" Anthu anaomba m'manja, azimayi ena analuluta. Kaputeni anabwera n'kuima pambali panga, manja m'chiuno, chifuwa cha siponji patsogolo. Bambo uja anagwada bondo limodzi, n'kundiika maiki pakamwa. "Tatiuze mwana wabwino, usaope. Wakusambitsa chonchi ndani?"

Ndinali mwana wa sukulu, ndipo mwana wa sukulu amadziwa yankho limene wofunsa akufuna. Anthu onse aja ankandiyang'ana, ena milomo itayamba kale kuumba dzinalo. Ndinakoka mpweya n'kufuula ndi mphamvu zanga zonse, "Kaputeni Thovu!" Mawu anga anatuluka m'zimkuzamawu ali aakulu kuposa ine, anadutsa msika, anakafika ku depoti. Bwalo lonse linaphulika, nyimbo inayambanso, Kaputeni anandikweza dzanja m'mwamba. Ndinafunafuna amayi kuti ndione mmene akunyadira. Anali pomwe paja, pakati pa anthu ovina, ali chiimire, manja ali pansi. Sankaoneka okwiya. Ankangondiyang'ana.

Ponditsitsa anandisenzetsa katoni yathunthu ya sopo ngati mphatso. Nditafika nayo pamene panali amayi, iwo anati, "Tula pansi." Ndinayesa kudandaula, koma anabwereza motsitsa mawu, ndipo ndinatula. Tisanayende mapazi khumi, anthu anali ataigwera kale, akung'ambirana. Tinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba ine ndikufwenthera chifukwa cha katoni yanga, nsapato zobwereka zikundiluma.

Ku depoti sanabwererekonso. Lolemba ndowa yoonekera mkati ija anathiramo madzi akumwa, foloko anaiika pamodzi ndi masipuni. Mvula itayamba anapita kwa abale awo kwa Kalembo kukapalira m'minda ya anthu, ndipo atabwerako anayamba kugulitsa makala m'mbali mwa msewu wa ku Balaka, malonda amene wogula safunsa ngati wasamba. Anagulitsa makala zaka zambiri, mpaka mizere ya m'manja mwawo inada osayeranso. Kampani ija nayo sinachedwe, sopo wake anasowa m'magolosale ndisanamalize pulayimale, ndipo sindikukhulupirira kuti mayi wa magalasi uja anakumbukirapo dzina langa kapena la amayi ngakhale tsiku limodzi. Kwa iye linali Loweruka limene ntchito inayenda bwino.

Za mawu anga a pa maiki amayi sanazitchulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma Lamulungu m'mawa, kutacha pambuyo pa chilole, anandiikira madzi kubafa monga mwa nthawi zonse, n'kuima pakhomo pake osalowa. "Wakula tsopano," anatero, "uzisamba wekha." Ndinasangalala kwambiri moti katoni ija ndinaiiwala. Ndinathira madzi pamutu kawiri, ndinapukuta kumaso, n'kuthamangira kukauza anzanga kuti ine ndiye basi, zokhulidwa ndathana nazo. Ndinkayesa kuti andikweza, kuti kutchuka kwanga kwawachititsa kundipatsa ulemu. Ndinali mayi kale pamene ndinazindikira kuti pabwalo paja amayi anapita ndi mboni imodzi yokha, ineyo, ndipo kuti kuyambira m'mawa umenewo manja awo sanandisambitsenso.